Chimbale Chosungira Malo a Bambo

Bambo anga sankadziwa mapu, ndipo sankaona chimene munthu wamaso awiri angafunire mapu. Kwa iwo malo aliwonse anali ndi khona lake. Zaka zonse zimene anagwira ntchito papulazi ya nthochi ku Burma Valley ankayendetsa thalakitala yokoka ngolo, kukwera ndi kutsika msewu umodzi womwewo, mpaka msewuwo unawalowa m'thupi. Ukawafunsa kumene kuli chigayo, ankati khona lachitatu. Sitolo, khona lachisanu. Manda a anthu a m'komboni, kumene tinaika mayi anga, anali pa khona lachisanu ndi chiwiri kuchokera pa mlatho wachitsulo, kumanzere ukamatsika. Mawu amenewa ndinawamva mpaka kutopa nawo.

Ife tilibe mudzi. Agogo anachokera ku Malawi wapansi kubwera kuno kudziko la Achishona, bambo anabadwira m'komboni, inenso chimodzimodzi. Anzathu Achishona akamwalira amawanyamula kupita nawo kwawo, koma ife kwathu kunathera pa waya wa pulazi ya eni ake. Kumanda kwathuko kunalibe simenti kapena dzina lolembedwa. Tinkangodzala nkhadze kumutu, ndipo aliyense ankadziwa nkhadze ya m'bale wake.

Mayi anamwalira kutatsala pang'ono kuti mapulazi a azungu ayambe kulandidwa. Tsiku loika maliro, adzukulu atamaliza kuumba mtumbira, bambo anasowa. Tinkaganiza kuti apita kukalira kwaokha. Patapita kanthawi tinangoona akubwera akugubuduza chimbale chachitsulo, chija chimene thalakitala imaphwanyira zibuma, chakale chothothoka m'mphepete. Anachigoneka pambali pa mtumbira wa mayi, n'kudzala nkhadze yachiwiri kumutu kwake.

"Apa ndi panga," anatero.

Azimayi ena anang'ung'udza kuti uku n'kuitana imfa. Bambo anawayankha kuti pampopi timasiya ndowa pamzere, pachigayo timasiya mwala, nanga kumanda kokha n'kumene munthu angapite osasungitsa malo? Anthu anaseka ali ndi misozi m'maso. Ine sindinaseke. Ndinali wamng'ono ndiponso wokwiya, ndipo ndinkaona ngati bambo akuchititsa manyazi maliro a mayi.

Kenako pulazi inapita, komboni inabalalika. Bambo anabwera kudzakhala ndi ine m'tauni, ku Sakubva, m'zipinda zanga ziwiri. Achimwene anga aakulu anapeza kanyumba ka kuseri kwa nyumba ya munthu wina ku Yeovil, dera la anthu opeza bwino, ndipo mpaka lero akamauza anthu kuti amakhala ku Yeovil satchula mawu oti kuseri. Zaka zoyambirira tinkapita kukasesa kumanda. Kenako tinayamba kudumpha chaka, kenako ziwiri, kenako tinangosiya. Panalibe amene anati tisiye, zinangochitika. Maso a bambo anachita ng'ala, ankangoona kuwala ndi zithunzithunzi.

Nkhani ya msewu anaimva kwa anzawo a kutchalitchi, yoti msewu wotsikira kuchigwa aupanganso, aukuza, auwongola. Kuyambira tsiku limenelo m'nyumba munalibe mtendere. M'mawa ndikawapatsa tiyi, "Mwanawe, undiperekeze ndikaone malo anga." Ndikabwera kumsika nditatopa, nkhani yomweyo. Ndinkawayankha mwachipongwe, ndivomereze. Ndinkati malo sathawa, ababa, chitsulo chilibe miyendo. Ndinazengereza pafupifupi chaka chathunthu, ndipo zimenezi zimandipwetekabe. Chimene ankafuna chinali chimodzi chokha, kuti akamwalira akagone pambali pa mkazi wawo.

Tinanyamuka Loweruka lina m'mawa pa galimoto ya achimwene, titatenga chikwakwa, khasu ndi tsache. Achimwene anali ataika foni yawo patsogolo, ikuonetsa mzere wabuluu, ndipo anati masiku ano munthu sasochera. Bambo anakhala kutsogolo, maso ali chitsinzinire, manja ali m'mwamba pang'ono ngati agwira chiwongolero. Anati tisawalankhulitse, akudikira mlatho.

Tinayenda ndithu. Msewu unali wosalala, wakuda bii, wa mizere yoyera. Kenako bambo anafunsa kuti kodi mlatho uja sitikufikabe?

"Tadutsa kalekale," anatero achimwene.

"Bodza. Sunalire."

Mlatho wakale unkalira galimoto ikadutsa, zitsulo zake zinkachita phokoso lomveka mpaka m'mano. Watsopanowu unali wa konkire, wachete, moti ngakhale ine wamaso sindinazindikire kuti tawoloka mtsinje. Tinabwerera, tinaima pamlathopo, achimwene anati, "Ababa, yambani apa."

Anawerenga khona loyamba, anawerenga lachiwiri. Kenako msewu unangoti tasa, kulowa pakati pa phiri limene analidula, miyala yofiira uku ndi uku. Ine ndinali kumbuyo, ndipo ndinkaona thupi la bambo likupendekera kumanja pamene galimoto ikupita molunjika, likubwerera, likupendekera kumanzere. Iwo ankakhota okha. Tinakafika kumunsi kwa chigwa tili ndi makhona atatu basi.

Tinakwera ndi kutsika katatu. Achimwene anayamba kukalipira foni, ine ndinayamba kukalipira achimwene, bambo ankatikalipira tonse. Ine ndinkayang'ana pawindo kufuna chilichonse chimene ndinkachidziwa. Mashedi osungiramo nthochi kunalibe. Kumene ndinkayesa kuti kunali komboni kunali chimanga ndi nyumba za anthu ena. Phiri limene ndili mwana linkakhala kuseri kwa nyumba yathu tsopano linali kutsogolo, ndipo linkaoneka laling'ono. Ndinabadwira kumeneko, ndinatungako madzi zaka zambiri, koma ndinali ngati munthu amene wamutsitsa pa siteji yolakwika.

Ulendo wachinayi bambo anati, "Yendetsa ngati thalakitala." Achimwene anayendetsa pang'onopang'ono, magalimoto akutiimbira mahutala kumbuyo. Bambo anasiya kudikira kuti msewu ukhote, ankangowerenga makhona a m'mutu mwawo, akupendekeka. Atafika pa lachisanu ndi chiwiri anamenya chitseko. "Ima! Kumanzere."

Ndipo kumanzere kunalidi nkhadze. Zinali zambiri, zitandandalika, ndipo kuseri kwake kunali mulu wa dothi womera udzu. Sindinadzifunse chifukwa chake mtumbira unali umodzi wokha, kapena chifukwa chake unali waukulu chotero. Achimwene anatchetcha, ine ndinasesa, bambo anagwada n'kuyamba kufufuza chimbale chawo ndi manja m'udzu. Sanachipeze, koma anati mwina chakwiririka. Tinaimba nyimbo imene mayi ankaikonda. Ndinalira kwambiri, kulira kwa zaka zonse zimene sindinabwere, ndikupepesa mokweza.

Titati ameni, ndinaona kuti kumbuyo kwathu kwaima mayi wina wachikulire, khasu lili paphewa, atavula nsapato mwaulemu. Anali atadikira kuti timalize. Anaomba m'manja n'kulankhula m'Chishona, kuyamba ndi mawu opepesa anamfedwa.

"Pamusoroi, nematambudziko. Koma mukulira ndani pamenepa?"

Ndinamuuza kuti mayi anga. Anayang'ana pansi, anayang'ana muluwo, ndipo ndinaona kuti akusowa poyambira.

"Amai, ili ndi dothi limene anasiya a msewu. Pansi pake pali miyala yokhayokha. Nkhadzezi ndinadzala ndine, kutchingira mbuzi."

Safunsa anadya phula. Ndinachita manyazi, ndipo manyaziwo anasanduka mkwiyo. Ndinkafuna kuti wina andibwezere misozi yanga. Ndinamufunsa mwaukali kuti nkhadze anazitenga kuti, ngati kuti anandibera. Anayankha mofatsa kuti anathyola nthambi ku manda akale a anthu a papulazi, ndipo analoza tsidya lina la msewu.

"Kumanja?" anatero bambo. "Ayi. Manda ali kumanzere."

"Ali uko, sekuru," anatero mayiyo, kuwatchula agogo m'Chishona.

"Mwana wanga, ine ndaika anthu kumeneko iwe usanabwere kuno. Ali kumanzere."

Mayiyo sanatsutsane nawo. Anangowagwira dzanja n'kuwawolotsa msewu, ife tikutsatira ndi zida zathu ngati ana opusa. Tinadutsa m'tchire, tinazungulira mitengo, mpaka tinatulukira pa kamsewu kakale, phula lake litang'ambikang'ambika, udzu utamera m'ming'alu. Pena anthu anali atayanikapo chimanga. Bambo atangopondapo anaima. Anamenyetsa phazi pansi kawiri, anayenda pang'ono, anatembenuka kuyang'ana kumunsi kwa chigwa, n'kutambasula dzanja lamanzere. Kumene dzanjalo linaloza kunali nkhadze zakale, zazitali kuposa munthu.

Onse awiri ankanena zoona. Manda anali pomwe anali, koma msewu watsopano unadutsa kuseri kwake. Ndinaima pakati pa misewu iwiriyo ndikuyesa kuikonza nkhaniyi m'mutu mwanga, ndipo mpaka pano ndikafuna kuifotokoza ndimayamba ndajambula pansi ndi chala.

Bambo analowa m'mandamo ngati akulowa m'komboni. Ankagwira nkhadze iliyonse n'kunena mwini wake: uyu kapitawo, uyu mkazi wa mlonda, awa mapasa aja. Ife tinkaika maliro kuyambira kumsewu kupita kutchire, choncho amene anamwalira kumapeto anali kumalire. Mayi anali m'gulu lomaliza. Bambo anapitirira mzere ndi mzere, akufulumira, mpaka phazi lawo linaponda chinthu cholimba. Inali ngalande ya konkire ya msewu watsopano. Kupitirira apo kunali phula, ndi malole akudutsa.

Anaima pamenepo. Kenako anafunsa, osatembenuka, "Mkazi wanga ali kuti?"

Apa m'pamene mayi uja anatikhazika pansi n'kutifotokozera. Anati a msewu atafika pamenepa anapeza kuti manda atatu a kumalire ali m'njira. Anakhoma pepala pamtengo loitana abale, anadikira, koma palibe anabwera. Tikanabwera bwanji, ife tili ku Sakubva ndikuuza bambo kuti chitsulo chilibe miyendo? Ndiye kunabwera anthu ovala magolovesi, ndi mabokosi atatu atsopano, ndi m'busa. Manda oyamba anapezamo mwana. Achiwiri anapezamo munthu wamkulu, wamkazi.

"Achitatu anali ndi chitsulo pamwamba," anatero, n'kutsitsa mawu. "Tinati ameneyu anali munthu wolemekezeka, chifukwa ena onse analibe chizindikiro chotero. Anakumba, anakumba, mpaka wokumba osaoneka mutu. Munalibe kanthu, sekuru. Ngakhale fupa limodzi."

Ine ndi achimwene tinayang'anana.

Mayiyo anati antchito anataya mafosholo n'kukana kugwira ntchito masiku awiri. Mphekesera inafala yoti anthu a ku Malawi akafa amadzuka okha n'kubwerera kwawo. Ena ankati ayi, munthuyo alipo koma sakufuna kuoneka. Pomaliza anagwirizana kuti sangamusiye pansi pa msewu, aliyense amene ali. Anatapa dothi la pansi pa dzenjelo, analiika m'bokosi lachitatu limodzi ndi chitsulocho, n'kukaliika kumtunda pambali pa mzimayi uja, monga mmene anawapezera.

"Tinachita zonse bwinobwino," anatero. "Ine ndemwe ndinaphika nawo."

Ndinkayembekeza kuti bambo akalipa. M'malo mwake anafunsa, "Munalira?"

"Tinalira, sekuru. Pang'ono, poti sitinkamudziwa."

"Anthu analipo ambiri?"

"Analipo ndithu. Ndi a msewu omwe."

Bambo anagwedeza mutu ngati munthu amene wamva kuti mwana wake wakhoza mayeso. Ndiyeno anati, "Chitsulocho ndi changa. Munthuyo ndine."

Mayiyo anasuntha pang'ono pamene anakhala. Sindikumunena, inenso ndikanasuntha. Zinatitengera nthawi kumufotokozera za ndowa ya pampopi ndi mwala wa pachigayo. Atamvetsa anagwira pakamwa, ndipo sindinadziwe ngati akuseka kapena akuchita mantha. Mwina iyenso sankadziwa.

Anatitengera kumtunda, pansi pa mtengo wa mkuyu. Panali mitumbira itatu yoyandikana, uliwonse uli ndi kachitsulo kolembedwa nambala. Wa mwana, wa mayi pakati, ndi wachitatu. Kuseri kwake kunali thanthwe, kumunsi munda wa munthu. Ndinagwada pa wapakati, koma misozi sinabwere. Ndinali nditaithera pa mulu wa miyala tsidya lija. Ndinangokhala, maso ali gwa, ndikudzida.

Bambo anazula udzu pa mtumbira wa mayi ndi manja, pang'onopang'ono, akulankhula nawo motsitsa zinthu zimene sindinamve. Atamaliza anakwawira pa wachitatu n'kuyambanso kuzula.

"Ababa, mukupalira manda a ndani?"

"Anga. Ukufuna andipalirire ndani, iwe wosabwera kumanda?"

Achimwene ndiwo anapsa mtima. Anati nkhaniyi ndi yosavuta, tifukula bokosilo, titaya chitsulocho, malo abwerera kwa mwini wake. Mayi uja anapukusa mutu. Anati kuno simupeza munthu wogwira khasu pa manda amenewo, ndipo anthu sangalole alendo kudzawatsegula, poti anavutika kale kuti agoneke chimene chili m'menemo. Achimwene anati ndiye tipita ku maofesi.

Anapitadi, ndipo maulendo awiri ndinawaperekeza ndi bambo. Sindinganene kuti anatilandira moipa. Anatipatsa mipando, anatsegula mafayilo. Pepala linkati manda achitatu muli munthu wosadziwika, ndipo kuti afukulidwe pafunika m'bale wa munthu wosadziwikayo. Bambo anati m'bale safunika, mwini wake ndi uyu wakhala apa. Mlembi anawayang'ana, anayang'ana pepala, n'kutiuza kuti tipite chipinda china. Kuchipinda chinacho anatifunsa umboni woti m'mandamo mulibe munthu. Tinati umboni uli m'bokosimo. Anati bokosi silingatsegulidwe popanda m'bale. Tinatuluka, ndipo panjira ndinayamba kudzifunsa ngati mwina pansi pa chimbale chija panalidi munthu amene ife sitinkamudziwa.

Achimwene ankafuna kupitiriza, ankanena za maloya. Koma tsiku lina masana, ndikuwameta bambo pakhonde, anandigwira dzanja lokhala ndi lumo.

"Uwauze achimwene ako asiye."

"Tisiye bwanji, ababa? Si inu munkafuna kugona pambali pa amayi?"

"Nanga pano ndagona kuti?"

Iwo anapitiriza, akulankhula ngati akunena za mtengo wa tomato. Anati anasiya chimbale kuti chiwasungire malo, ndipo chawasungiradi, palibe amene adzagonepo. Anati m'busa anapemphera, anthu anaimba, anadya, ndipo ndi anthu angati a m'komboni amene anaikidwa ndi bokosi logula?

"Ine ndinafika kale, mwanawe. Zotsalazi mudzangoziika paliponse pamene pali pafupi. Musadzavutike ndi galimoto."

Ndinakwiya. Ndinawauza kuti asalankhule zopanda pake, kuti munthu si chitsulo. Koma nditayang'ana nkhope yawo ndinaona kuti nkhawa ija imene inawadya chaka chonse yachoka. Sanandipemphenso kuti ndiwaperekeze kulikonse. Sindikudziwa ngati anakhutiradi kapena anangotimvera chisoni ife ana awo, ndipo sindinalimbe mtima kuwafunsa.

Anamwalira nyengo yozizira yotsatira. Tinawaika kumanda a m'tauni, pakati pa anthu awiri amene sitikuwadziwa, pa mzere wowongoka bwino wokhala ndi nambala. Maliro anayenda bwino, anthu anabwera. Koma pamene bokosi linkatsika, ine ndinkangoganiza kuti mwambo uwu unachitika kale kwina, ife kulibe.

Tsopano nthawi yosesa kumanda ikafika ndimasokonezeka. Manda a m'tauni ali pafupi, ndimatha kupita wapansi. Ndimapita, ndimasesa, ndimaima pang'ono, koma ndimasowa chonena. Kenako ndimakwera kombi ya kuchigwa. Kondakitala ndimamuuza kuti anditsitse pa mpanda wa nkhadze, ndimawoloka msewu, ndimapereka moni kwa mayi uja, amene masiku ano amanditcha mwana wa mwini chitsulo. Pansi pa mkuyu ndimapalira mitumbira yonse itatu, ndi wa mwana yemwe, poti abale ake sanabwerebe. Kumeneko ndiye ndimalankhula. Ndimawauza mayi za kumsika, ndipo ndimatembenukira kumbali n'kukangana ndi bambo ngati kale, ndikudziwa bwinobwino kuti pansipo pali chitsulo cha thalakitala.

Chaka chatha ndinapita ndi mwana wanga wamkazi, amene Chichewa amangochimva koma kuyankha amayankha m'Chishona. Tinasesa m'tauni m'mawa, masana tili m'kombi. Titadutsa mlatho wosalira uja anandifunsa kuti, amai, nanga asekuru ali kuti kwenikweni, uko tachoka kapena uko tikupita?

Kombi inkathamanga molunjika pakati pa miyala yofiira, ndipo ndinazindikira kuti thupi langa lapendekera kumanja lokha.

"Khona lachisanu ndi chiwiri," ndinamuuza. "Kumanzere."

Anayang'ana pawindo kufuna khonalo, ndipo ine ndinamusiya ayang'ane.